Mazira Atatu pa Tsiku

A Niwa Tokuji anabadwira m'nyumba yomwe akukhalamo mpaka lero, m'kamsewu kathu kano kumpoto kwa mzinda wa Nagoya, ku Japan: pansi shopu ya njinga, pamwamba pogona. Bambo awo ankakonza njinga, iwonso anakonza njinga zaka makumi anayi ndi zisanu, mpaka mawondo anawauza kuti basi zakwana. Papita zaka zitatu chitsekereni shopuyo, koma zikhadabo zawo zikadali zakuda ndi girisi, ndipo sopo yense analephera. Ndi munthu wamfupi, wamapewa otambalala, woyenda chozolika ngati akufunafuna kanati kamene kagwa pansi.

Kulankhula si mbali yawo. Mkazi wawo, malemu Harue, ndiye ankalankhulira banja lonse, ndipo ankalankhula zokwanira anthu atatu. Kasitomala akabwera ndi njinga yophwa tayala, a Niwa ankamata, Harue n'kumafunsa za ana, za apongozi, za bondo lija linkavuta chaka chatha. Harue atamwalira zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, m'nyumba muja munangoti zii. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Chizuru, anakwatiwa ku Toyohashi, ndipo amaimba foni Lamlungu lililonse kuti awakalipire bambo ake mwachikondi.

Chimene chinawasunga a Niwa zaka zonsezi ndi moningu. Kuno kwathu munthu wamutu wabwino saotcha yekha buledi m'mawa. Umapita kunyumba ya khofi 11 koloko isanakwane, n'kuitanitsa kapu imodzi ya khofi, ndipo buledi wootcha wopaka batala ndi dzira lowiritsa zimabwera zokha, osazitchula n'komwe. Malo a a Niwa anali ku Hibari, kanyumba ka khofi ka mdala Ando kuseri kwa siteshoni, ka mipando yofiira yoperepeseka, konunkhabe fodya wa anthu amene anamwalira kalekale.

Tsiku lina, zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, mu Hibari munadzaza. Bambo wina wa chipewa chotuwa anaima pafupi ndi tebulo la a Niwa la pawindo, anawerama, n'kufunsa ngati mpando winawo unali ndi mwini. Unalibe. Mawa lake mipando yopanda anthu inali mbwee, koma bamboyo anaweramanso n'kukhalanso pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo zinangokhala choncho. Wina ankatenga nyuzipepala ya masewera, wina ya nkhani za mumzinda, ndipo khofi akafika pakati pa kapu ankasinthana osayang'anana.

"Kwazizira," ankatero wa chipewa.

"Kwaziziradi," ankayankha a Niwa.

Timu yathu ya besiboli ikaluza, zomwe sizisowa, mmodzi ankagogoda nyuzipepala ndi chala n'kuti, "Anyamata athu aja." Winayo n'kuti, "Musanene." Apo ndiye kuti macheza a tsikulo atha, ndipo onse awiri ankatuluka atakhuta nkhani.

Nthawi ya maliro a Harue, a Niwa anasowa masiku khumi. Tsiku limene anabwerera, wa chipewa uja sanapepese ndipo sanafunse kanthu. Anangotenga dzira la a Niwa, n'kulisenda bwinobwino, n'kuliwaza mchere, n'kulibwezera m'mbale mwawo. A Niwa analidya misozi ikulengeza, ndipo mpaka lero amati palibe munthu amene anawapepesa bwino kuposa ameneyo.

Koma dzina lake sankalidziwa. Musaseke, zimachitika. Tsiku loyamba sufunsa dzina munthu amene wangobwereka mpando. Mwezi woyamba umati ndifunsa mawa. Chaka chikatha ndiye kuti wachedwa: uyamba bwanji kufunsa dzina munthu amene wakhala ukusinthana naye nyuzipepala masiku mazana atatu? Ankangotchulana kuti "akulu", ndipo mdala Ando naye aliyense ankangomuti "a masiku onse". Nthawi zina a Niwa ankaganiza kuti mnzawoyo ndi mphunzitsi, chifukwa ankapinda nyuzipepala mwaudongo. Nthawi zina ankati mwina ndi wapolisi, chifukwa cha mmene ankauyang'anira msewu. Kufunsa kokha sanafunse.

Chaka chino a Niwa anakadyera Chaka Chatsopano kwa Chizuru, ndipo chimfine chinawagoneka kumeneko masabata awiri. Atabwerako, m'mawa mwake anavala jekete, anazungulira kuseri kwa siteshoni, n'kupeza chitseko chamalata cha Hibari chili chotsitsa. Pachitsekopo anamatapo pepala, lonyowa kale ndi mvula. Mdala Ando ankathokoza makasitomala onse chifukwa cha zaka makumi anayi, n'kupepesa kuti thupi lawakana ndipo asamukira kwa mwana wawo kutali. A Niwa anawerenga katatu. Kenako, posowa chochita, analiweramira pepalalo.

Anaima pamenepo mpaka 8 koloko. Mawa lake anaimanso, ndi mkuja womwe. Wa chipewa sanaoneke. Apa m'pamene mantha enieni anawagwira. Munthu yekhayo amene ankadziwa m'mawa uliwonse kuti a Niwa adzuka, iwo sankamudziwa dzina, nambala ya foni, ngakhale kumene amagona.

Lamlungu Chizuru anaimba, ndipo a Niwa analakwitsa pomuuza zoona.

"Ndiye muzidya kuti, ababa? Tabwerani kuno basi, chipinda chilipo. Kumeneko mwatsala ndi ndani?"

"Ndili ndi anzanga."

"Anzanu ake ati?"

"A chipewa."

"Dzina lawo?"

A Niwa anatsokomola, ngakhale chimfine chinali chitatha.

"Ababa, ndakufunsani dzina."

"Sindinawafunse."

"Mwadziwana liti?"

"Papita zaka makumi awiri ndi zitatu."

"Mayo ine! Ababa, ine galu wa aneba ndinamudziwa dzina tsiku lomwe anabwera! Chabwino, amakhala kuti?"

"Amachokera kumanzere."

"Kumanzere kwa chiyani?"

"Kwa windo."

Chizuru anaseka mpaka kutsamwa, kenako anasiya kuseka. "Tamverani, ababa. Kumapeto kwa Malichi ndikubwera ndi galimoto. Mukandionetsa munthu mmodzi yekha amene angazindikire mutagwa m'bafa, ndikusiyani. Apo ayi, tikupakira katundu."

A Niwa sanafune kupakiridwa. Anakhala pansi n'kuganiza motere: munthu amene wadya moningu zaka zonsezi sangasiye lero chifukwa chitseko chimodzi chatsekedwa. Akudya penapake. Ntchito ndi yongoyenda m'nyumba za khofi imodziimodzi mpaka kumupeza. Anagula mapu ndi pensulo yofiira, ndipo usiku umenewo anagona ali ndi chiyembekezo, poti anali asanadziwe kuti nyumba za khofi mumzinda muno n'zochuluka chotani.

Wina angati, bwanji osangosuzumira n'kupitirira? Ameneyo si wa kuno. Ukangokankha chitseko belu lalira kale, wina wafuula kale kuti takulandirani, ndipo usanatembenuke madzi akumwa ndi kansalu kotentha kopukutira m'manja zafika patebulo. Utuluka ndi nkhope iti? Ndiye umakhala. Ukakhala umaitanitsa khofi. Ukaitanitsa khofi, buledi ndi dzira zabwera. Ndipo a Niwa anaphunzitsidwa ali mwana kuti kusiya chakudya m'mbale n'kunyoza manja a wophika. Choncho ankalowa malo atatu m'mawa uliwonse, 7 koloko, hafu pasiti 8 ndi 10 koloko, n'kumwa makapu atatu a khofi, n'kudya mabuledi atatu ndi mazira atatu. Pofika masana manja ankanjenjemera, mtima ukugunda ngati wathamangitsidwa, mimba ili ndii.

Zikanakhala za mazira okha bwenzi zili bwino. Chimene chinawaimitsa mutu n'chakuti mzinda unasintha iwo ali pawindo la Hibari, ndipo palibe anawauza. Malo ena pafupi ndi siteshoni yaikulu munalibe wodzafunsa chimene ukufuna. Patebulo panali kagalasi konga foni yaikulu, koti uzidina wekha. A Niwa anadina pamene panaoneka ngati kapu. Kagalasi kanafunsa funso. Anadina. Kanafunsanso lina. Anadinanso, mwaulemu, kuopa kukakhumudwitsa. Patapita kanthawi mtsikana anabwera ndi ayisikilimu wautali ngati botolo, wa zipatso pamwamba, 8 koloko m'mawa, mu Febuluwale, kunja mphepo ikuluma makutu. A Niwa anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana ayisikilimu, n'kunena kuti zikomo. Anamumaliza yense, mano akugwedezeka.

Malo ena anali a mnyamata wandevu, mwina wochokera ku Tokyo, poti zoterezi zimachokera kumeneko. M'katimo munali mbee ngati m'chipatala, mipando yamatabwa yopanda potsamira.

"Agogo, mukonda khofi wa dziko liti?" anafunsa mnyamatayo. "Alipo wowawasa pang'ono, alipo wa fungo la maluwa, alipo wa kakomedwe ka zipatso."

"Ndikufuna wa kakomedwe ka khofi," anatero a Niwa.

Mnyamatayo anathira madzi pang'onopang'ono ngati akupemphera, ndipo khofiyo, tisaname, anali wabwino kwambiri. A Niwa anamwa theka n'kusiya theka kudikira buledi. Anadikira. Khofi anazizira. Anthu analowa n'kutuluka. Patatha mphindi makumi anayi anakweza dzanja mwamanyazi.

"Pepani, achimwene, sikuti ndikufulumira ayi. Koma buledi uja?"

"Kuno sitipereka buledi, agogo."

"Mwaiwala?"

"Ayi, sitipereka basi."

"Nanga dzira?"

"Dziranso ayi."

A Niwa anayang'ana wotchi: 9 koloko. Anayang'ana mnyamatayo, amene sankaoneka wodwala kapena woledzera. Atatuluka anaima pamphambano n'kuwerenga chikwangwani cha msewu, kuti atsimikize kuti akadali mu Nagoya.

Koma chimene chinawapweteka kwambiri chinachitika pamalo ena oimirira pamzere. Atafika pakauntala, mtsikana anatenga kapu yapepala ndi cholembera n'kuwafunsa, akumwetulira, "Dzina lanu, bambo?"

"Langa?"

"Eee, kuti tikuitaneni khofi akapsa."

A Niwa anamuyang'ana mtsikanayo. Mwana wa dzulodzuloli, woti sanawaonepo chibadwire, wafunsa dzina mosavuta ngati akufunsa nthawi, ndipo denga silinagwe. Iwo zaka makumi awiri ndi zitatu zinawakanika. Anatchula dzina lawo motsitsa mawu, ndipo atalimva likufuulidwa pakati pa anthu anachita manyazi, mwinanso ndi kaukali pang'ono, osadziwa kuti akwiyira ndani.

Pofika kumapeto kwa Febuluwale mapu aja anali atafiira ndi mitanda, ndipo mutu wa a Niwa unali utasokonekera kuposa mapuwo. Anazindikira kuti kumanzere kuja kunali kumanzere kwa munthu wokhala moyang'ana chitseko, pamene iwo masabata atatu ankafufuza kumanzere kwa munthu woima panja. Anayambiranso. Malo ena analowamo kawiri osadziwa, mpaka mwini wake anawalandira kuti "a masiku onse". Tsiku lina, m'nyumba ya khofi ya pansi pa nthaka, anaona chipewa chotuwa pakona. Mtima unadumpha. Anapita, anawerama kwambiri, anakoka mpando n'kukhala. Mwini chipewa atadzutsa mutu anali munthu wina, wa masharubu. Kudzuka kukanakhala chipongwe, ndiye anakhala naye ola lathunthu akumva za opaleshoni ya ndulu.

Atachoka pamenepo anakhala pabenchi ya pasiteshoni n'kuyesa kukumbukira nkhope ya mnzawo uja. Inakana kubwera. Mphuno inali yotani? Ankavala magalasi, kapena magalasiwo anali a mdala Ando? Zimene zinkabwera ndi manja okha: manja owonda, chala chapakati chokhota pang'ono, akupinda nyuzipepala. Zaka zonse zija anakhala akuyang'ana patebulo. A Niwa anayamba kudzifunsa ngati Chizuru sankanena zoona. Kodi munthu amene sukumudziwa dzina, ndipo nkhope yake ikukuthawa, ungamutche mnzako? Mwina bamboyo ankangokonda windo. Mwina pano ali pawindo lina, akusinthana nyuzipepala ndi mdala wina, osakumbukanso n'komwe. Ganizo limeneli linawawawa kuposa mawondo.

Pakati pa Malichi kunagwa mvula yozizira, ndipo mawondo anakaniratu za sitima. A Niwa analowa m'nyumba ya khofi ya mayi Kamiya. Malo amenewa ali pafupi, mphindi zisanu kuchokera kunyumba kwawo, koma sanawaike n'komwe pamapu, chifukwa mtunda wonse uno umadziwa kuti khofi wa mayi Kamiya amakoma ngati mphika wopserera. Mayiwo ndi a zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, a mawu omveka kutsidya kwa msewu, ndipo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti anthu a masiku ano sadziwa khofi. Anabweretsa kansalu kotentha, ndipo a Niwa akupukuta m'manja, mayiwo anaima n'kuwayang'anitsitsa zala.

"Aa! Ndiye ndinu a zikhadabo zakuda aja?"

A Niwa anabisa manja pansi pa tebulo. "Pepani, ndi girisi wakale."

"Sindikunena za ukhondo ine, bambo inu. Sabata yatha kunabwera mdala wina wa chipewa chotuwa. Anakhala pomwe mwakhalapo, maso ali pachitseko ngati akudikira mkwatibwi. Potuluka akuti, mayi, kodi kuno kumabwera bambo wina wamfupi, wa zikhadabo zakuda? Ine ndinati, dzina lawo ndani? Anangowerama n'kuthawa."

A Niwa anaimirira, anakhalanso, anaimiriranso. "Ananena kumene amakhala?"

"Ayi."

"Anati abweranso?"

"Amenewo? Anamwa khofi wanga nkhope ili ngati akumwa mankhwala. Koma anamaliza, ulemu wokha ali nawo. Kodi inu nonse awiri mitu yanu ikuyenda bwino?"

Tsiku limenelo a Niwa anamwa khofi wa mayi Kamiya osamva kupserera. Akufunidwa! Munthu uja nayenso akuzungulira mzinda, nayenso akudya mazira. Koma chimwemwe chisanakhazikike, mutu unayambanso kuzungulira. Akapitiriza kuyenda, ndipo mnzawoyo akuyendanso, azingophonyana mpaka imfa. Akakhala malo amodzi, nanga mnzawoyo naye akaganiza zokhala malo amodzi? Ndiye aliyense akhala pake, akudikira mnzake, mpaka galimoto ya Chizuru itafika. Anajambula timizere papepala, anafufuta, anajambulanso. Mapeto ake mawondo ndi amene anagamula mlandu: akhala pomwepa.

Anakhala. M'mawa uliwonse 7 koloko ankakhala moyang'ana chitseko, kumwa khofi wopserera mpaka 11 koloko, mayi Kamiya akuwauza mbiri ya amuna awo awiri, wamoyo ndi womwalira. Belu likalira ankadzutsa mutu: wobweretsa mkaka, amayi awiri ochokera kokachita masewera olimbitsa thupi, munthu wofunsa njira. Chizuru anaimba kunena kuti wapeza makatoni. A Niwa anati chabwino, ndipo madzulo ake anatsegula kabati ya zovala za Harue, n'kuitsekanso osakhudza kanthu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi belu linalira 7 koloko itangopitirira pang'ono. A Niwa sanadzutse mutu, anali atatopa kudzutsira mutu anthu a eni. Anangoona dzanja litagwira mpando wa patsogolo pawo, dzanja lowonda, la chala chapakati chokhota.

"Ha! Zangozi bwanji!" anatero mawu, mokweza kuposa muyeso, ngati mwana amene waloweza mawu a sewero. "Kani inunso mumabwera kuno, akulu?"

A Niwa anayang'ana m'mwamba. Chipewa chotuwa. Magalasi analipo ndithu. Mphuno inali mphuno wamba. Mawu onse amene a Niwa anakonza miyezi iwiri anathawa.

"Akulu," anatero basi.

"Zangozi zake ziti?" anafuula mayi Kamiya ali kukauntala. "Si inu mwakhala mukudutsa pawindopa sabata yonseyi, mutabisala m'ambulera kunja kulibe mvula? Mumayesa sindikuonani?"

Wa chipewa anakhala pansi, makutu atafiira.

"Munandiona?" anafunsa a Niwa.

"Ndinakuonani Lachinayi lapitalo."

"Ndiye osalowa?"

Bamboyo anasuzumira kukauntala n'kutsitsa mawu. "Ndimadikira kuti mwina musamukira pena, pa khofi wabwinoko, tikakumane kumeneko ngati zangochitika. Kuno ndinalowamo kale kamodzi. Ndani akanakhulupirira kuti ndabweranso mwangozi? Palibe munthu amabwera kuno kawiri mwangozi, a Niwa."

"Ndamva zimenezo!" anatero mayi Kamiya.

Koma a Niwa sanawamve mayiwo. Anamva chinthu china.

"Mwati chiyani?"

Wa chipewa anagwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

"Dzina langa mwalitenga kuti?"

Mayi Kamiya anabweretsa madzi ndi kansalu, n'kuima pomwepo osachoka. Bamboyo anapukuta m'manja nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi.

"Ndinagwira ntchito kupositi mpaka kupuma," anatero. "Kamsewu kanu kanali kanga zaka khumi ndi ziwiri. Njinga yamoto yofiira, chisoti, kansalu kukamwa. Inu mutu unkakhala pa tcheni cha njinga nthawi zonse. Makalata ankalandira ndi akazi anu. Nthawi yotentha ankandipatsa tiyi wozizira, n'kundifunsa za msana wanga."

A Niwa anayesa kuika chisoti pamutu wa munthu amene anali patsogolo pawo, ndipo zinawakanika. "Ndiye kuti nyumba yanga mumaidziwa."

"Ndimaidziwa."

"Kuyambira kale."

"Kuyambira tsiku loyamba."

"Akulu inu!" Mawu a a Niwa anakwera mpaka iwo eni anadabwa. "Miyezi iwiri! Ndazungulira mzinda wonse uno ndi mawondo awa! Ndadya mazira atatu pa tsiku! Ndadya ayisikilimu mu Febuluwale! Ndamva za ndulu ya munthu wosamudziwa!"

"Inenso ndadya mazira mpaka dokotala wandiletsa," anatero mnzawoyo mwaulemu. "N'chifukwa chake lero ndalowa."

"Nanga bwanji osangobwera n'kugogoda?"

Wa chipewa anawayang'ana modabwa zenizeni, ngati afunsidwa chifukwa chimene sanalowere pawindo. "Dzina lanu ndi nyumba yanu ndinazidziwira pa ntchito. Si inu munandiuza. Ndikanagogoda bwanji ndi dzina limene simunandipatse? Mukanati munthu uyu wakhala akundizonda."

"Amuna inu," anatero mayi Kamiya, akupukusa mutu. "Ndikanakhala mkazi wanu ndikanakugundanitsani mitu."

"Ndinkangodutsa," anapitiriza bamboyo, maso ali patebulo. "M'mawa uliwonse, hafu pasiti 6, tsidya lina la msewu. Ndikaona makatani a pamwamba atsegulidwa, ndimadziwa kuti mwadzuka, mtima n'kukhala pansi. Ndiye ndimapita kukakufunani m'nyumba za khofi. Kukudikirani pakona n'kukutsatirani kukanakhala kupanda ulemu. Masabata awiri aja a mu Januwale makatani anali otseka. Hibari yotseka, makatani otseka. Masiku amenewo buledi sankatsika."

A Niwa sanadziwe ngati amumenye munthuyu ndi nyuzipepala kapena alire. Miyezi iwiri yonseyi ankadzuka m'nyumba ya zii, kukoka makatani ndi mtima wolemera, akuganiza kuti padziko lonse palibe amene akudziwa kuti adzuka, chonsecho tsidya lina la msewu munthu ankaima m'mphepo kudikira makatani omwewo. Anakwiya, anachita manyazi, ndipo anakondwa kwambiri moti anachita mantha.

Anagwira tebulo n'kuimirira, mawondo akulira. Anakonza jekete. Anaika manja m'mbali n'kuwerama mpaka pamene msana unalolera.

"Ndine Niwa Tokuji," anatero. "Ndimakhala pamwamba pa shopu yakale ya njinga, nyumba yachitatu kuchokera pakona. Tsopano ndakuuzani ndekha."

Mnzawoyo anadzuka mofulumira mpaka mpando unagwa. Anavula chipewa, ndipo a Niwa anaona koyamba kuti munthuyu ali ndi dazi lofika kunkhongo.

"Ndine Isogai Teruo," anatero, naye atawerama. "Ndakondwa kukudziwani."

Anakhala choweramirana choncho, madala awiri pakati pa matebulo, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kuweramuka, mpaka mayi Kamiya anadzutsa mpando uja n'kunena kuti khofi akuzizira ndipo samutenthetsanso.

"Mawa za makatani muzisiye," anatero a Niwa atakhala pansi. "Muoloke msewu. Mugogode."

A Isogai anapotokola chipewa chija m'manja. "Ndigogode kangati?"

"Mpaka nditsegule," anatero a Niwa. "Ndikapanda kutsegula, thyolani."